Bambo ali ndi shuga: kodi madzi a matakoatsanu angalowe m'malo mwa mapiritsi?

Funso: "Bambo anga ali ndi zaka 63. Akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 8, ndipo BP yawo imakweranso. Ine mwana wawo wamkazi ndi amene ndimawaperekeza kuchipatala, kumene amalandira metformin ndi glibenclamide a shuga, ndi enalapril wa BP. Mwezi watha m'bale wathu wina anatumiza uthenga pa WhatsApp wonena kuti kachitsamba koyanga pansi kotchedwa purslane, kamene kwathu timati matakoatsanu, kamachiza shuga, BP, mphumu ngakhale khansa. Kadzadza kuseri kwa khola lathu. Tsopano mayi akumakasinja m'mawa uliwonse n'kufinya madzi ake, bambo n'kumamwa makapu awiri asanadye kanthu, ndipo ayamba kunena zosiya mapiritsi. Kodi kachitsambaka kali ndi mankhwala enieni, kapena tikungodzinamiza?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanafike poipa. Safunsa anadya phula. Ndiyambe ndi zimene simuyenera kudikira nazo mpaka mawa: makapu awiri a m'mawawo bambo asiye lero lomwe, ndipo mapiritsi asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Sindikunena izi chifukwa chonyoza zitsamba ayi. Chomera chimenechi ndimachilemekeza, ndipo ndikuuzani zabwino zimene zili m'kati mwake, zomwe n'zoona ndithu. Koma mmene mukuchigwiritsira ntchito panopa ndi njira imene ingavulaze munthu wa matenda ngati a bambo anu.

Choyamba titsimikize kuti tikunena chomera chimodzi. Akatswiri a zomera amachitcha Portulaca oleracea. Nthambi zake n'zofiirira, zosalala, zonenepa ndi madzi, ndipo zimayala pansi kuchokera pa muzu umodzi. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, ochindikala, otambalala kunsonga. Maluwa ake achikasu amatseguka m'mawa dzuwa likawala, kwa maola ochepa chabe, kenako pamabwera kachibalobalo kamene kamavundukuka ngati chivundikiro cha mphika, m'kati muli timbewu takuda tochuluka ngati mchenga. Mukathyola nthambi, madzi otuluka akhale oyera ngati madzi akumwa, oterera pang'ono. Mukaona utomoni woyera ngati mkaka, tayani. Chimenecho ndi china, cha mtundu wa Euphorbia, chimene chimayanganso pansi ndipo chimakonda kumera malo omwewo, koma nthambi zake n'zowonda ndipo utomoni wake umawotcha m'kamwa ndi m'maso. Palinso maluwa okongoletsa pakhomo, a timasamba tosongoka ndi maluwa aakulu a mitundumitundu, otchedwa Portulaca grandiflora. Ndi pachibale, koma si ndiwo.

Kuno ambiri timangochizula polimira n'kuponyera nkhumba, koma kwina ndi chakudya chogulitsidwa pamsika. Ku Mexico amati verdolagas ndipo amaphikira limodzi ndi nyama ya nkhumba. Ku Turkey amati semizotu, amasakaniza ndi yogati. Ku India ndi kulfa, ku Greece ndi glistrida. Olemba akale Dioscorides, sing'anga wachigiriki, ndi Pliny wa ku Roma analemba za chomerachi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo ku China, kumene amachitcha ma chi xian, chili m'buku la boma la mankhwala ovomerezeka, makamaka pa kamwazi, zithupsa ndi zotupa za pakhungu. Choncho amene anatumiza uthenga uja sanachite kupeka mbiri yake. Vuto lili pa zimene anawonjezerapo.

Chimene chinachititsa asayansi a masiku ano kuchiyang'ananso ndi mafuta. Mu 1986 Dr Artemis Simopoulos ndi Norman Salem ku America anafalitsa zoti masamba ake ali ndi mafuta a omega-3 ochuluka kuposa masamba ena amene anali atayesedwa. Mu 1992 Simopoulos ndi anzake anatulutsa ziwerengero: m'magalamu 100 a masamba aawisi muli mamiligalamu 300 mpaka 400 a mtundu wa omega-3 wotchedwa ALA, mamiligalamu pafupifupi 12 a vitamini E, 27 a vitamini C, ndi pafupifupi 2 a beta-carotene, amene thupi limasandutsa vitamini A. Kwa ndiwo zamasamba, zimenezi n'zambiri ndithu. Koma tiziike pa sikelo yoyenera. Munthu wamkulu amafunika ALA wa pakati pa galamu imodzi ndi galamu imodzi ndi theka patsiku, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta a soya ili kale ndi pafupifupi galamu imodzi. Komanso ALA si omega-3 amene amatchuka pa nkhani za mtima ndi ubongo. Amenewo ndi EPA ndi DHA, opezeka mu nsomba, ndipo thupi lathu limangokwanitsa kusandutsa kagawo kochepa ka ALA kukhala iwowo. Mbale ya usipa kapena utaka ikupatsani mwachindunji chimene thupi likanavutikira kupanga kuchokera ku masamba.

Mulinso zina. Kufiira kwa nthambi kuja ndi betalain, utoto wa mtundu womwe uli mu beetroot, umene umathandiza kuteteza maselo kuti asawonongeke. Muli ma flavonoid monga quercetin ndi kaempferol, muli magineziyamu, ayironi pang'ono, melatonin, ndi ma alkaloid otchedwa oleracein, amene anatenga dzina lawo ku chomera chomwechi. Mulinso dopamine ndi noradrenaline, zinthu zimene thupi la munthu limapanganso lokha, ngakhale kuti zikalowa kudzera m'kamwa zambiri zimaphwanyidwa m'matumbo ndi m'chiwindi zisanayende m'magazi. Kuterera kuja, kokhala ngati kwa therere, kumachokera ku ma polysaccharide, ndipo ndi kumene ofufuza ambiri amakuganizira kuti kumachedwetsa shuga wa m'chakudya kulowa m'magazi.

Apa ndi pamene mauthenga a pafoni amasokonezera anthu. Kupeza kuti chomera chili ndi chinthu chakuti ndi nkhani ina, kuonetsa kuti chimachiza munthu ndi nkhani inanso. Pakati pake pali masitepe: kuyesa m'botolo mu labotale, kuyesa pa makoswe, kuyesa pa anthu ochepa, kenako pa anthu ambiri kwa nthawi yaitali. Zinthu zambiri zimene zimaoneka zodabwitsa pa sitepe yoyamba zimathera panjira.

Pali chitsanzo chimodzi chimene ndimachikonda chifukwa chimaonetsa mmene ntchito imeneyi imayendera. Ku West Africa anthu ankagwiritsa ntchito chomerachi pa kuphwanya kwa thupi ndi kukokana kwa minofu. Cha m'ma 1987 ofufuza a ku yunivesite ya Jos ku Nigeria anayesa madzi ake pa minofu ya nyama ndipo anaona kuti imalefukadi. Makolo aja sananame. Kenako mu 1993 Solomon Habtemariam ndi anzake ku Scotland anafuna kudziwa chimene chikuchititsa, ndipo anapeza kuti mphamvuyo ikuyendera limodzi ndi kuchuluka kwa potaziyamu m'madzimo. Sanali mankhwala achilendo, unali mchere wodziwika bwino, wongochuluka kwambiri. Sungani mawu akuti potaziyamu, tibwererako chifukwa akukhudza bambo anu.

Nanga pa shuga? Pa makoswe odwalitsidwa shuga, zotsatira zimakhala zabwino kawirikawiri: shuga amatsika, mafuta a m'magazi amatsika. Pa anthu, nkhani ndi yofatsa kwambiri. Ku Isfahan ku Iran, m'kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015, anthu 48 odwala shuga ankadya magalamu 10 a njere za chomerachi tsiku lililonse, zosakaniza mu yogati, kwa milungu 5. Kulemera kwa thupi kunatsika pang'ono, mafuta a m'magazi otchedwa triglyceride anatsika, BP ya m'mwamba (nambala yoyamba ija poyeza BP) inatsikako, koma shuga wa m'mawa sanasinthe moti n'kuwerengera. Ku Israel, mu 2016, anthu 63 anagawidwa pawiri: ena ankamwa makapisozi a chomerachi, mamiligalamu 180 patsiku, ena makapisozi opanda mankhwala, kwa milungu 12. BP ya m'mwamba inatsika ndi manambala pafupifupi 7 mwa omwa chomerachi. Koma HbA1c, muyeso umene umaonetsa mmene shuga wayendera m'miyezi itatu, sunasiyane mokwanira pakati pa magulu awiriwo powatenga onse pamodzi.

Taonani zinthu zitatu pamenepa. Anthu a ku Israel aja onse ankapitiriza mapiritsi awo a shuga, chomerachi chinali chongowonjezera. Chimene ankamwa chinali njere kapena makapisozi oyezedwa, osati madzi ofinya a masamba aawisi. Ndipo nthawi yake inali milungu, pamene shuga amawononga maso, impso ndi mapazi pa zaka. Metformin wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira cha m'ma 1957, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa 1998, amene anatsatira odwala kwa zaka pafupifupi 10, anaonetsa kuti amachepetsa imfa mwa odwala shuga onenepa. Metformin yemweyo chiyambi chake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, kotero palibe nkhondo pakati pa zitsamba ndi chipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu anadutsa masitepe onse, ndipo tikudziwa muyeso wake ndi amene sayenera kumwa.

Za mphumu ndi khansa ndidutsapo mwachangu. Ku Mashhad ku Iran, mu 2004, anayesa madzi owiritsa a chomerachi pa odwala mphumu ochepa kwambiri ndipo njira za mpweya zinatsegukako kwa kanthawi. Zimenezo si chifukwa chosiyira inhela munthu akabanika. Pa khansa, zimene zilipo n'za maselo a m'botolo ndi mbewa. Wodwala khansa amene angachedwe kupita kuchipatala chifukwa cha masamba amenewa akutaya nthawi imene sidzabwerera.

Tsopano tifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni, chimene uthenga uja sunatchule. Kuwawasa kumene mumamva mukatafuna tsamba, mbali ina ndi asidi wotchedwa oxalate. Chomerachi chili m'gulu la masamba amene ali ndi oxalate wochuluka kwambiri, limodzi ndi sipinachi ndi bonongwe. Ofufuza osiyanasiyana apeza kuyambira mamiligalamu mazana angapo mpaka kupitirira 1,000 m'magalamu 100 a masamba aawisi, malingana ndi nthaka ndi msinkhu wa chomera. Chakudya wamba cha tsiku lonse nthawi zambiri chimakhala ndi oxalate wa mamiligalamu 100 kapena 200 okha.

Thupi la munthu silitha kuphwanya oxalate amene walowa m'magazi. Njira yake yaikulu yotulukira ndi ya impso. Akafika kumeneko amakumana ndi kashiamu, ziwirizi n'kugwirana kukhala timiyala tosongoka tosasungunuka. Tikamaunjikana pang'onopang'ono, timapanga miyala ya mu impso ija yopweteka m'chiuno. Tikabwera tambiri nthawi imodzi, timatseka timachubu ting'onoting'ono ta m'kati mwa impso, ndipo impso zimatha kuima m'masiku ochepa. Izi si zongoganizira. Madokotala ku China alembapo za anthu amene impso zawo zinaima atadya chomerachi chochuluka, ndipo atatenga kachidutswa ka impso kukayeza anapezamo timiyala ta oxalate. Alimi a ziweto ku Australia amadziwanso kuti nkhosa ndi ng'ombe zanjala zikalowa pamalo odzadza chomerachi n'kudya mosadziletsa, zina zimafa, chifukwa cha oxalate ndi nitrate, mchere wina umene chomerachi chimakoka m'nthaka.

Ndiye tiwerenge za bambo. Kuti mupeze makapu awiri a madzi ofinya, osathirako ena, pamafunika masamba osachepera theka la kilogalamu. Palibe munthu amene angamalize masamba ochuluka choncho ngati ndiwo, koma akafinyidwa amatsika kukhosi kamodzi. Ndi aawisi, ndiye palibe chimene chachepetsa oxalate. Akumwa m'mimba mulibe kanthu, ndiye palibe kashiamu wa m'chakudya woti amugwire asanalowe m'magazi. Ndipo omwayo ndi munthu wa zaka 63 amene shuga ndi BP zakhala zikukanda impso zake kwa zaka zambiri mwakachetechete. Impso zotopa sizipweteka, munthu amangoyenda osadziwa. M'nyengo yotentha ya October ndi November, thukuta likachuluka mkodzo n'kuchepa, ngoziyo imakulirakulira.

Potaziyamu uja akubwera pano. M'magalamu 100 a chomerachi muli mamiligalamu pafupifupi 490, kuposa nthochi. Kwa munthu wa impso zabwino ndi chinthu chothandiza, mwinanso ndi chimodzi mwa zifukwa zimene BP imatsikirako. Koma enalapril amene bambo akumwa amachititsa thupi kusunga potaziyamu. Impso zikafooka, enalapril ali m'thupi, potaziyamu akulowa wambiri m'mawa uliwonse, amatha kukwera m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo nthawi zambiri sachenjeza. Sizithera pomwepo. Metformin amatuluka kudzera mu impso, ndiye zikaima amaunjikana n'kuchititsa asidi woopsa m'magazi. Glibenclamide naye amakhalitsa m'thupi impso zikafooka, n'kutsitsa shuga mopitirira muyeso, makamaka mwa achikulire. Mukuona mmene chinthu chimodzi chikukokera chinzake. Ngati bambo amamwanso Brufen, Indocid kapena diclofenac wa m'golosale pa kupweteka kwa mawondo, asiyenso amenewo kufikira dokotala atawaona, chifukwa nawonso amalemetsa impso.

Popeza amwa kale kwa milungu ingapo, musadikire tsiku la kiliniki ngati lili kutali. Pitani nawo sabata ino, mukanene mosabisa chimene akhala akumwa, kuchuluka kwake ndi kuyambira liti. Anthu ambiri amabisa za zitsamba poopa kukalipiridwa, ndipo dokotala amatsala akufufuza kumene kulibe vuto. Pemphani kuti ayezedwe magazi a impso, makamaka creatinine, ndi potaziyamu ngati makina alipo, komanso mkodzo. Koma mukaona mkodzo wachepa kwambiri kapena wafiira, mapazi kapena nkhope zatupa, akusanza, akumva ululu m'mbali mwa msana, afooka mwachilendo kapena akubwebweta, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka, ameneyo ndi shuga wotsika: ngati akutha kumeza, apatseni madzi a shuga kaye, kenako kuchipatala. Makina otsuka magazi impso zikafa m'dziko muno ndi ochepa, m'zipatala za boma amapezeka m'zazikulu zochepa chabe monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ofuna thandizolo ndi ambiri. Ndi chifukwa chake ndikuumirira pa nkhani ya impso.

Magazi akatuluka bwino, ndipo bambo sanadwalepo miyala ya mu impso, palibe choletsa kuti matakoatsanu akhale ndiwo pakhomo panu, kamodzi kapena kawiri pa sabata, mosinthana ndi nkhwani, chisoso, luni, khwanya ndi kholowa. Thyolani nsonga zanthete. Tsukani bwino, muwaviike m'madzi owira kwa mphindi zochepa, madziwo mutaye, chifukwa gawo la oxalate wosungunuka limatsalira mmenemo limodzi ndi potaziyamu wina. Vitamini C wina apita nawo, koma kwa bambo anu kusinthana kumeneko n'kopindula. Kenako phikani ndi tomato ndi anyezi. Soda kapena chidulo sizifunika, masambawa amafewa okha msanga, ndipo soda amawononga mavitamini komanso amawonjezera sodiyamu amene wa BP akumupewa. Pa chakudya chomwecho pakhale china cha kashiamu: usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake, kapena kapu ya chambiko. Ofufuza a ku Lincoln University ku New Zealand anaonetsa mu 2009 kuti kusakaniza masambawa ndi yogati kumachepetsa kwambiri oxalate wosungunuka, chifukwa kashiamu amamugwira asanalowe m'magazi, n'kutuluka naye kuchimbudzi. Anthu a ku Turkey aja, odyera semizotu mu yogati, anali atapeza kale njirayi ndi lilime lawo. Mukafutsa kuti musunge, kumbukirani kuti dzuwa limachotsa madzi okha, oxalate amatsala, ndiye kadzanja kamodzi ka mfutso kali ndi wambiri kuposa kadzanja ka masamba aawisi.

Mudzaonanso kuti othyola m'mamawa amawawasa kuposa othyola madzulo, makamaka kukauma. Chomerachi chili ndi luso losowa: madzi akachepa chimatsegula timabowo ta masamba usiku m'malo mwa masana, n'kusunga mpweya wa carbon dioxide ngati asidi wotchedwa malic, amene chimagwiritsa ntchito dzuwa likatuluka.  Ndi chifukwa chake mukachizula n'kuchisiya pamzere, pakapita masiku mumachipeza chikadali chamoyo, mwinanso chitagwira.

Za kuseri kwa khola, ndingakulangizeni kusintha malo othyola. Pamene pali ndowe ndi mkodzo wa ziweto, chomerachi chimakoka nitrate wambiri, ndipo masamba oyala pansi amatola mazira a njoka za m'mimba ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Pewaninso za m'mbali mwa msewu, pafupi ndi chimbudzi, pa dzala, ndi m'munda mwapoperedwa mankhwala. Kukonza kabedi kakang'ono pamalo oyera n'kosavuta, kanthambi kamodzi mukakabzala kamagwira.

Ena pakhomopo angafunse za ntchito zina. Kupaka masamba osinja pamene palumidwa ndi kachirombo kapena pa zidzolo zoyabwa kumaziziritsa, ndipo kafukufuku wa ku Jordan wa 2003 anaonetsa mabala a mbewa akupola msanga. Koma pa bala la phazi la wodwala shuga musaikepo masamba alionse, bala limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba amwe Thanzi ORS, ndipo mukaona magazi m'chimbudzi pitani naye akaonedwe, makamaka mwana. Mayi woyembekezera apewe madzi ofinya, njere ndi makapisozi, popeza ngakhale asing'anga a ku China amachenjeza kuti chomerachi chimatha kukoka chiberekero. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe nawonso amadutsa mu impso, adye ngati ndiwo basi.

Chovuta chotsala ndi kulankhula ndi bambo, ndipo mayi nawonso musawaiwale, chifukwa akusinja m'mawa uliwonse chifukwa cha chikondi. Munthu amene wameza mapiritsi kwa zaka 8 amatopa, ndipo akamva kuti mankhwala ali kuseri kwa nyumba, aulere, mtima umakhala pansi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe, chifukwa matendawa samveka m'thupi. N'chimodzimodzi akasiya mapiritsi: sabata yoyamba adzati ndikupeza bwino, pamene BP ikukwera mwakachetechete kulowera ku sitiroko. Musawauze kuti anamizidwa. Afunseni chimene chawatopetsa. Ngati ndi metformin amene akuwapotokola m'mimba, kumwera pakati pa chakudya kumathandiza, ndipo dokotala angasinthe muyeso. Ngati ndi chifuwa chouma chosatha, enalapril amachita zimenezo mwa anthu ena ndipo pali ena olowa m'malo mwake. Ngati ndi chizungulire ndi njala ya mwadzidzidzi, muyeso wa glibenclamide uunikidwenso. Popita kuchipatalako tengani buku lawo la zaumoyo, mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ndi nthambi imodzi ya chomeracho mu pepala, kuti amene akuwaonayo atsimikize ndi maso ake chimene bambo akhala akumwa.